Pikapu igone m'garaja kapena panja?

M'boma la Mwanza pikapu ndi imene imatulutsa manachesi m'midzi ya kwa Kanduku ndi kwa Nthache kupita nawo ku msewu wa M6, ndipo ndi yomweyo imene imathamangira ndi wodwala usiku kuchokera ku Thambani kukafika ku chipatala cha boma. Komabe eni ake ambiri akabwerako madzulo amangoiimika pansi pa mtengo wa mango n'kulowa m'nyumba.

Mthunzi umenewu umawononga mwakachetechete. Utomoni ndi zitosi za mbalame zimadya penti, masamba amatseka timipata totulukira madzi m'munsi mwa galasi la kutsogolo, ndipo pakabwera mphepo ya mkuntho, ngati ija ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, nthambi imodzi ndi yokwana kuswa galasi. Pamtetete naponso si pabwino: dzuwa la mu Okutobala limang'alula matayala ndi malabala a zitseko, komanso limafupikitsa moyo wa batire.

Garaja imateteza ku zonsezi, ndiponso kwa akuba amene amasolola batire, tayala la sipeya kapena kupopa dizilo usiku. Koma si garaja iliyonse imene ili yothandiza. Galimoto ikalowetsedwa ili yonyowa ndi matope m'chipinda chopanda mawindo, chinyezi chimasowa kothawira, ndipo dzimbiri limagwira msanga kuposa ikanagona panja. Vuto lina ndi chizolowezi chosandutsa garaja nkhokwe. Pamene pali matumba a chimanga pamabwera makoswe, ndipo khoswe akatopa ndi chimanga amakwera mu injini n'kuyamba kutafuna mawaya. Komanso injini isalizidwe chitseko chili chotseka, pakuti utsi wake uli ndi mpweya wakupha umene sununkha.

Chimene chimamaliza mapikapu ambiri kuno ndi katundu amene amanyamula. Feteleza, makamaka wa Urea, amakoka chinyezi cha mumpweya. Timibulu tochepa totayikira m'makona a kumbuyo timasungunuka, madzi ake n'kutsikira m'molumikizira zitsulo mpaka ku chesisi. Mwini wake amadzadabwa patapita nyengo ziwiri kapena zitatu za dzinja, pansi patabooka. Chesisi yodyeka imavuta kuwotcherera, imatsitsa mtengo wa galimoto poigulitsa, ndipo ikhoza kulepheretsa kupeza chiphaso cha COF ku nthambi yoona za pamsewu. Choncho pikapu imene yanyamula feteleza, manyowa kapena ziweto itsukidwe tsiku lomwelo, kumbuyo ndi kunsi komwe, ndipo iume isanalowe kogona.

Kwa amene sangakwanitse njerwa ndi simenti, chisakasa cha mapolo ndi malata, chotseguka m'mbali, chimagwira ntchito yaikulu ya garaja popanda kusunga chinyezi. Pansi pake pathiridwe miyala ing'onoing'ono ndipo pakhale potsetsereka pang'ono kuti madzi asadikhe. Udzu wozungulira ulambulidwe nyengo ya moto wolusa isanafike, chifukwa ngakhale paipi ya utsi yotentha ikhoza kuyatsa udzu wouma. Lona kapena pepala la pulasitiki ndi zongoyembekezera: zikafunditsidwa pa galimoto ya fumbi, mphepo imazikhuza pa penti n'kuikanda.

Amene akufuna kumanga garaja ya njerwa pa boma ayambe wafika ku ofesi ya khonsolo yoona za mapulani a zomangamanga asanakumbe maziko.