Kompyuta ya Salaula Ikayamba Kufunsa Laisensi

Lero tikambirane za cinthu cimene cirikusautsa anthu ambiri amene anagula kompyuta yogwirapo kale nchito, zija ena amazicha za salaula. Munthu wasunga ndalama miyezi ingapo, nagula makina kuti mwana wace aziphunzirirapo, kapena kuti iye mwini azilembapo za malonda ace. Makinawo ayenda bwino mwezi umodzi, miyezi itatu, kapena isanu. Tsono tsiku lina m'munsi mwa sikirini, ca kudzanja lamanja, muoneka mau a Cingelezi akuti "Activate Windows", kapena pabwera kabokosi konena kuti "Your Windows license will expire soon". Pamenepo mwini wace mtima uli m'mwamba, ayesa kuti wagula cakuba kapena cakufa.

Poyamba ndikukhazikeni mtima pansi. Mau amenewa sanena kuti makina aonongeka iai. Makalata, zithunzi ndi zina zonse zimene munasungamo sizidzafafanizika cifukwa ca cenjezo limeneli. Kompyuta irikufunsa funso limodzi lokha: kodi cilolezo cogwiritsira nchito Windows pa makina ano ndi ca yani? Amene wapeza yankho la funso limeneli asanaturutse ndalama m'thumba, ameneyo sadzataya ndalama zace pacabe.

Kodi laisensi n'ciani?

Kompyuta iri ndi mbali ziwiri. Pali citsulo cimene mumacigwira ndi manja, ndiponso pali pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zonse za m'katimo, monga kapitao ayang'anira anchito ace. Pa makina ambiri pulogalamu imeneyi ndiyo Windows, yopangidwa ndi kampani ya Microsoft ya ku America. Citsulo mukacigula ndi canu ndithu. Koma Windows simuigula yeni-yeniyo. Cimene mumalipira ndi cilolezo coigwiritsa nchito, ndico laisensi.

Kuyambira caka ca 2001, pamene inaturutsa Windows XP, kampaniyo inaika lamulo lakuti makina azitsimikiza cilolezo cao. Cizindikiro cace ndico kiyi ya zilembo ndi manambala 25, zoikidwa m'magulu asanu, gulu liri lonse zisanu. Makina amatumiza kiyi imeneyi kwa Microsoft pa intaneti pamodzi ndi cizindikiro ca ziwalo zace, ndipo kumeneko amabvomereza kapena kukana. Cifikire Windows 10 mu 2015, Microsoft ikabvomereza kamodzi imakumbukira makinawo, kotero kuti ngakhale mutafafaniza zonse ndi kuikamo Windows yomweyo mwatsopano, iwo adzazindikiridwa okha popanda kulemba kiyi.

Mitundu itatu ya cilolezo

Cherani khutu apa, pakuti gwero la bvuto lonse liri pomwepa. Cilolezo ciri ca mitundu itatu.

Coyamba ndico cobadwa naco, cochedwa OEM. Cimeneci amaciika opanga makina, monga Dell, HP kapena Lenovo, makinawo asanaturuke m'fakitale. Cimakhala ndi makina amenewo kufikira imfa yao, ndipo sicisamukira kwina. M'masiku a Windows 7 kiyi yace inkalembedwa pa kapepala komatidwa kunsi kwa makina kapena m'malo a batire. Koma kuyambira Windows 8 mu 2012, opanga akulu amailemba m'kati mwa motherboard, ndilo thabwa lalikulu lija limene ziwalo zonse zimalumikizidwapo. Cifukwa cace musadabwe mukapanda kuona kapepala.

Caciwiri ndico codzigulira, cochedwa Retail. Munthu amacigula padera, ndipo akhoza kusamuka naco kucoka pa makina akale kunka pa atsopano, malinga akacigwiritsa pa makina amodzi okha nthawi imodzi.

Cacitatu ndico ca makampani akulu, mabanki ndi masukulu, cochedwa Volume. Inu a ku migodi mudzacimvetsa msanga cimeneci, pakuti cifanana ndi nyumba ya kampani. Munthu amakhalamo pokhala ali pa nchito. Tsiku lakuleka nchito abweza makiyi, ndipo sangaigulitse nyumbayo kwa mnzace. Makampani ambiri amasunga kompyuta imodzi yaikulu yogawa zilolezo, m'njira yochedwa KMS. Makina ali onse a m'ofesi amalandira cilolezo ca masiku 180 okha, ndipo pakapita masiku 7 amakadzionetsa kuti masikuwo ayambenso kuwerengedwa. Ali m'ofesimo palibe amazindikira kanthu. Koma makinawo akagulitsidwa, naoloka nyanja, nafika m'sitolo ya ku Lusaka, Kitwe kapena Ndola, kokadzionetsa kulibe. Masiku 180 amatha pang'ono-pang'ono, ndipo cenjezo limaturukira wogula ataiwala kale nkhope ya wogulitsa. Palinso ogulitsa ena osaongoka mtima amene amaikamo kapulogalamu konamiza Windows kuti kampani ikalipo. Bodzalo likatha mphamvu, cenjezo limabwera cimodzi-modzi.

Kufufuza mwa dongosolo

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musayambe ndi kugula kiyi. Yambani ndi zazing'ono zosalira ndalama.

Coyamba, yang'anani tsiku ndi nthawi zimene makina alikuonetsa. M'kati mwa kompyuta muli kabatire kakang'ono kozungulira ngati ndalama yacitsulo, kawiri-kawiri ka mtundu wa CR2032, kamene kamayendetsa wochi magetsi atazima. Pa makina akale kamakhala katatha, ndipo wochi imabwerera zaka za m'mbuyo. Tsiku likalakwa, makina sangagwirizane ndi Microsoft, ndipo mwina adzaonetsa nambala yakuti 0x80072F8F. Konzani tsiku, sinthani kabatireko, onaninso kuti intaneti irikugwira, ndipo kapena bvuto lonse lidzathera pomwepo.

Caciwiri, tsegulani Settings. Pa Windows 11 lowani pa System, kenaka Activation; pa Windows 10 lowani pa Update & Security, kenaka Activation. Pamenepo mudzaona dzina la Windows imene muli nayo, ndiponso nambala ya bvuto yoyamba ndi 0x. Ilembeni pa pepala mosalakwitsa, pakuti ndiyo dzina la nthendayo. Pomwepo pali mau akuti Troubleshoot. Akanikizeni, muwasiye makina adziyese okha.

Cacitatu, funsani makinawo mtundu wa cilolezo cao. Kanikizani batani la Windows pamodzi ndi la R, ndipo m'kabokosi kamene katuruke lembani slmgr.vbs /dli. Pakapita kanthawi mudzaona mizere ingapo. Funani mau amodzi mwa awa: OEM, RETAIL kapena VOLUME. Mukalemba slmgr.vbs /xpr, makina adzakuuzani ngati cilolezo ciri camuyaya kapena ciri ndi tsiku lakutha. Pa kompyuta ya pakhomo panu sipayenera kuoneka tsiku lakutha.

Mukapeza VOLUME

Mukaona mau akuti VOLUME_KMSCLIENT, kapena nambala 0xC004F074, dziwani kuti mulikukhala m'nyumba ya kampani ya eni ace. Komatu musafulumire kulira, pakuti apa pali uthenga wokondweretsa. Makampani kawiri-kawiri amagula makina amene ali kale ndi cilolezo cobadwa naco, naika cao pamwamba pace. Cotero ca fakitale cija cingakhale cikali m'kati, cirikungodikira. Sungani mafailo anu onse pa cosungira cina, tengani Windows yoona pa webusaiti ya Microsoft, kumene aipereka osalipitsa, ndi kuiikamo mwatsopano. Ngati kiyi irimo m'thabwa lija, Windows idzaiwerenga yokha ndi kudzitsimikiza yokha. Amene sadziwa kacitidwe kace apite kwa mmisiri wokhulupirika, namuuze momveka kuti afuna cilolezo ca makina omwewo, osati cobwereka.

Home ndi Pro

Bvuto lina lofala ndi ili. Windows iri ndi makope osiyana, ndipo odziwika kwambiri ndiwo Home ndi Pro. Kiyi ya Home sitsegula Pro, monga kiyi ya cipinda cimodzi sitsegula cinzace ngakhale nyumba iri imodzi. Wogulitsa amene ali ndi makina makumi awiri oti akonze amatenga kope limodzi la Pro naliika pa onse, osayang'ana cimene ali onse anabadwa naco. Makina amene anabadwa ndi Home adzayamba kudandaula, ngakhale ali ndi cilolezo coona m'kati mwao. Mankhwala ace ndiwo kubwezeramo Home. Pa nchito za pakhomo, za sukulu ndi za kantemba, Home ikwanira ndithu, ndipo ambiri sadzaona kusiyana kwace.

Thabwa losinthidwa ndi kiyi yokanidwa

Nthawi zina wokonza amatenga makina awiri akufa napanga amodzi amoyo. Akasintha batire, kiyibodi kapena kuonjezera memore, kawiri-kawiri sipakhala mlandu. Koma akasintha motherboard, Microsoft imawayesa makina acilendo, ndipo mungaone nambala 0xC004F211. Ngati makinawo ndi anu kuyambira kale, ndipo munalumikiza cilolezo ku akaunti yanu ya Microsoft musanakonzetse, lowani pa Troubleshoot ndi kusankha mau onena kuti mwasintha ziwalo posacedwa. Ngati munawagula atasinthidwa kale, mlanduwo ndi wa wogulitsa.

Nambala 0xC004C008 inena kuti kiyiyo yagwiritsidwa pa makina ambiri koposa amene aloledwa, ndipo 0xC004C003 kawiri-kawiri inena kuti kiyiyo yakanidwa kapena yatsekedwa. Izi zimaoneka pamene kiyi imodzi yagulitsidwa kwa anthu ambiri. Makiyi ochipa modabwitsa amene amalengezedwa pa intaneti ambiri ace ndi otere: agwira lero, mawa atsekedwa, ndipo wogulitsa sapezekanso.

Dziwaninso ici. Kwa zaka zambiri kiyi ya Windows 7 kapena 8 inkatha kutsegula Windows 10, koma Microsoft inatseka njira imeneyi mu September 2023. Cotero wogulitsa akakuonetsani kapepala ka Windows 7 kunsi kwa makina, kameneko pakokha si umboni wakuti Windows 10 kapena 11 imene waikamo iri ndi cilolezo.

Misampha iwiri

Msampha woyamba ndiwo mapulogalamu oboola cilolezo, amene anyamata ena amayenda nao pa fulashi. Cenjezo limacokadi, koma ganizani: kuti aikemo kanthuko, kawiri-kawiri amayamba azimitsa mlonda wa mavairasi. Mwatsegulira khomo mlendo wosamdziwa, ndipo mapulogalamu otere ambiri apezeka atanyamula zina zakuba mau acinsinsi a ku banki ndi a makalata. Munthu wolandira malipiro ace kudzera ku banki aganize bwino asanalole zimenezi. Ndi bwino kukhala ndi mau aja m'ngodya ya sikirini, pakuti Windows 10 kapena 11 yosatsimikizidwa imagwirabe nchito. Cacikulu cimene imakaniza ndico kusintha cithunzi ca kumbuyo ndi maonekedwe ena. Koma kumeneku n'kungopumira panjira pamene mulikukonza mlandu, si kokhalitsa.

Msampha waciwiri ndiwo cenjezo labodza. Mulikuwerenga za pa intaneti, mwadzidzidzi sikirini yonse idzala ndi mau oopsa, mwina ndi phokoso lomwe, onena kuti laisensi yanu yatsekedwa, imbani nambala yakuti-yakuti tsopano lino. Amenewo ndi akuba. Mauthenga oona a bvuto ocokera kwa Microsoft sakhala ndi nambala ya foni yoti muimbe. Tsekani tsambalo, kapena zimitsani makina, ndipo musapatse munthu ali yense mphamvu yolowa m'kompyuta yanu ali kutali.

Musanalipire kanthu

Ngati zonsezi zalephera, ndipo kwatsala kugula cilolezo catsopano, yambani mwayesa msinkhu wa makinawo. Microsoft inaleka kusamalira Windows 7 pa 14 January 2020, ndipo inaleka kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, kupatula kwa amene analembetsa padera kuti awaonjezere nthawi. Windows 11, imene inaturuka pa 5 October 2021, imafuna kaciwalo ka citetezo kochedwa TPM 2.0, ndipo pa makina a Intel imafuna, kupatula ocepa okha, a mbadwo wacisanu ndi citatu kunka m'tsogolo, ndiwo amene anayamba kuturuka mu 2017. Kugulira cilolezo codula makina amene sangathe kunyamula Windows 11 kuli ngati kufolera malata atsopano pa nyumba ya zipupa zogumuka.

Makina otere asatayidwe ai. Pali pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta yochedwa Linux, imene siifuna kiyi kapena malipiro. Mtundu wace wina wodziwika ndiwo Ubuntu, umene unayambitsidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa; wina ndiwo Linux Mint. Polemba makalata, kuwerengera ndalama ndi kuyenda pa intaneti, imeneyi imakwanira bwino. Koma ngati nchito yanu kapena sukulu ifuna pulogalamu yoyenda pa Windows pokha, yambani mwafunsa musanasinthe.

Kwa amene alikuganiza zogula

Safunsa anadya phula. Muli m'sitolo momwemo, ndalama zikali m'thumba, pemphani kuti makina ayatsidwe. Tsegulani tsamba la Activation, lembani mau awiri aja ndakuuzani, ndipo mukaona VOLUME kapena tsiku lakutha, pemphani makina ena. Funsani ngati anacokera kwa okonza obvomerezedwa ndi Microsoft, ochedwa Microsoft Authorized Refurbisher, pakuti amenewo amaikamo cilolezo coona. Pa lisiti palembedwe nambala ya makinawo, dzina la Windows imene irimo, ndi masiku amene mungawabweze. Wogulitsa akakana kukonza cimene analonjeza, kumbukirani kuti m'dziko lathu la Zambia muli lamulo la 2010 loteteza ogula, ndiponso bungwe la Competition and Consumer Protection Commission limene limalandira madandaulo otere. Koma wopita kumeneko wopanda lisiti adzabvutika kutsimikiza mau ace.

Tsono amene cenjezo lija lirikumuonekera usiku uno, atenge pepala ndi pensulo, ayambe ndi wochi, alembe nambala, nafunse mtundu wa cilolezo cace. Akatero adzadziwa ngati afunika kabatire, kope lina la Windows, kapena ulendo wobwerera kwa wogulitsa.