Mapazi a Bikila ndi mawu a Makeba

Madzulo a pa 10 September 1960, asilikali a ku Italy anandanda m'mbali mwa msewu wakale wa Appian Way mumzinda wa Rome, miuni ili m'manja, kuti ochita mpikisano wothamanga makilomita 42 pa masewero a Olympics aziona poponda. Amene anatulukira patsogolo anali munthu wochepa thupi, wovala nambala 11, ali chosavala nsapato. Dzina lake linali Abebe Bikila, msilikali wa gulu lolondera mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia.

Nsapato zimene anapeza ku Rome zinkamupweteka, choncho anangoti athamange momwe anazolowerera kwawo. Anamaliza mtundawo m'maola 2, mphindi 15 ndi masekondi 16, liwiro limene panalibe analifikapo pa mpikisano wotere. Iye ndiye munthu wakuda woyamba wa mu Africa kutenga mendulo yagolide ya Olympics. Wachiwiri tsikulo analinso wa mu Africa, Rhadi Ben Abdesselam wa ku Morocco.

Kwa anthu a ku Ethiopia nkhani inali pa malo amene anapambanirawo. Mu 1935 asilikali a Benito Mussolini analowa m'dziko lawo ndi ndege ndiponso mpweya wapoizoni, n'kulilamulira mpaka 1941. Mu 1937 anatenga chipilala chamwala chakalekale cha mumzinda wa Axum n'kukachiimika ku Rome kuti chizionetsa kuti Ethiopia inagonja. Njira ya mpikisano wa 1960 inkadutsa pa chipilala chomwecho. Mwana wa dziko logonjetsedwalo, amene pa nthawi ya nkhondoyo anali kamnyamata kakumudzi, anachidutsa mapazi ali pamtunda, eni mzinda akumuombera m'manja. Chipilalacho chinabwerera kwawo mu 2005.

Ena ankati Bikila wangochita mwayi. Anawayankha ku Tokyo mu 1964, patangotha masabata osakwana 6 atamuchita opaleshoni yam'mimba. Ulendo uno anavala nsapato, ndipo anamaliza m'maola 2, mphindi 12 ndi masekondi 11. Palibe munthu amene anali atapambanapo mpikisanowu kawiri. Mu 1968 mnzake Mamo Wolde anapambana ku Mexico City, komwenso Kipchoge Keino wa ku Kenya anatenga golide pa mamita 1,500. Kuyambira pamenepo, aliyense wofuna kutchuka pa mitunda italiitali amayamba wayang'ana kum'mawa kwa Africa.

Bikila anabadwa mu 1932, chaka chimene ku Johannesburg kunabadwanso Miriam Makeba. Iyeyu chaka cha 1960 chinamupeza ali ku New York, akuimba m'Chixhosa ndi m'Chizulu pamaso pa anthu amene zinenerozi sanazimvepo. Mu March chaka chomwecho apolisi anapha anthu 69 ku Sharpeville, m'dziko la kwawo. Posakhalitsa mayi ake anamwalira, ndipo atati apite kumaliro anapeza kuti boma la tsankho la South Africa lathetsa pasipoti yake. Sanaponye dothi pamanda a mayi ake.

Chimene chimandigwira mtima ndi chakuti Makeba akanatha kungoimba n'kumadya zake mwakachetechete. Koma mu 1963 anakaima pamaso pa komiti ya United Nations yoona za tsankho la apartheid, n'kupempha maiko kuti asiye kugulitsa zida ku boma la kwawo. Bomalo linaletsa nyimbo zake n'kumulanda unzika. Chaka chomwecho anakaimba ku Addis Ababa pamene atsogoleri a maiko a mu Africa ankakhazikitsa bungwe la OAU. Mu 1966 analandira mphoto ya Grammy pa chimbale chimene anajambula ndi Harry Belafonte, ndipo mu 1967 nyimbo ya Pata Pata inafika paliponse. Anthu ankabwera kudzavina, koma pobwerera kwawo ankakhala atamva za ziphaso zoyendera, za ndende ndi za Sophiatown, dera limene boma linagwetsa n'kusamutsa anthu ake.

Ku America nakonso zinamutembenukira. Atakwatiwa ndi Stokely Carmichael, womenyera ufulu wa anthu akuda, mu 1968, makonsati ake anayamba kuthetsedwa. Anasamukira ku Guinea. Kwawo anakapondako mu 1990, Nelson Mandela atatuluka m'ndende, patatha zaka zoposa 30.

Onse awiri mathero awo anali owawa. Mu 1969 Bikila anachita ngozi yagalimoto imene inamupuwalitsa miyendo. Kuchipatala cha Stoke Mandeville ku England anaphunzira kuponya mivi ali pa njinga ya olumala, mpaka kupikisana nawo. Anamwalira mu October 1973 ali ndi zaka 41 zokha. Makeba anakomoka n'kumwalira mu November 2008 atangotsiriza kuimba ku Castel Volturno, tauni ya ku Italy kumene zigawenga za Camorra zinali zitapha anthu 6 ochokera ku Africa miyezi iwiri m'mbuyomo. Anapita kumeneko ali ndi zaka 76, thupi likuvuta kale, kukathandiza mlembi Roberto Saviano amene zigawengazo zinkamuopseza kuti zimupha.

Mu 1960 maiko 17 a mu Africa analandira ufulu wodzilamulira, ndipo tikamakamba za nthawi imeneyo timatchula andale okhaokha. Komatu anthu ambiri a ku Ulaya ndi ku America sanawerengepo zolankhula za Kwame Nkrumah kapena Julius Nyerere. Anthu a mu Africa amene anawaona ndi maso n'kuyamba kuwalemekeza anali wothamanga wa ku Ethiopia ndi woimba wa ku Johannesburg. Aphunzitsi a mbiri yakale, pophunzitsa za ufulu wa Africa, awiriwa muziwatchula pamodzi ndi atsogoleri aja.