App ya ndalama: musasankhe ndi maso a ku Lusaka

Mu minibasi ya ku Matero mkangano wake sukutha. Uyu ati Airtel Money, uyo ati MTN MoMo, wina ati Zamtel. Ine funso langa n'limodzi: ndalamazo zipita kwa yani?

Ambiri timatumiza kumudzi. Kwathu ku Mkaika, ku Katete, amai ali ndi kafoni ka mabatani. App yokongola ilibe nchito kwa iwo. Afuna *115# ndi netiweki yogwira ali pakhonde.

Conco ine ndimayeza zinthu zinai, motsatana. Coyamba, netiweki kumudziko. Caciwiri, booth ili pafupi, ndipo ajenti amakhala ndi ndalama? Yesani kutapa mu Ogasiti, khamu la Kulamba litadzaza kwa Kalonga Gawa Undi, mudzaona. Cacitatu, amadula zingati potumiza ndi potapa? Phatikizani zonse ziwiri. Cacinai, app idya mabando ndi malo ambiri bwanji mufoni mwanu?

Ikagwa pa coyamba, zitatu zinazo musawerenge n'komwe. Kupulumutsa K2 kulibe phindu ngati nkhalamba ilipira njinga mpaka pa boma kukatapa.

Musanasankhe, yambani mwaimbira olandirawo.