Posankhira mwana sukulu tisagule chikwangwani

Munthu akayenda m'mawa m'makwalala a Ndirande, Bangwe, Chilomoni kapena Zingwangwa amakumana ndi ana ovala mayunifolomu amitundumitundu. Ena akuthamangira ku sukulu ya boma, ena akulowa m'mipanda ya nyumba zomwe dzana zinali za lendi koma lero pakhoma pakongola ndi mawu oti "Academy". Mayi wa tomato mumsika ndi bambo wa kaunjika ali ndi funso limodzi: ndalama ya thukutayi ndiiponye kuti?

Tiyambe ndi komwe zinachokera. M'chaka cha 1994 boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale. Ana anakhamukira ku sukulu, chiwerengero n'kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Makalasi sanakwane, ena n'kumaphunzirira pansi pa mtengo. Boma linalemba aphunzitsi zikwizikwi osapita ku koleji, n'kumawasula ali kale pa ntchito. M'matauni, komwe anthu amabwera tsiku ndi tsiku kudzasaka maganyu, kalasi imodzi inkadzadza ngati minibasi ya madzulo.

Apa ndi pomwe sukulu za pulayiveti za m'makomboni zinapezera msika. Kale mawu oti pulayiveti ankatikumbutsa St Andrew's ya ana a mabwana. Lero ngakhale wa geni akutha kulipira pang'onopang'ono kuti mwana wake akhale pa desiki, m'kalasi ya ana ochepa, n'kumabwera kunyumba akutafuna Chingerezi. Tisanamizane, zina mwa sukuluzi zikugwira ntchito yotamandika, ndipo mphunzitsi wojomba sachedwa kuonetsedwa msana wa njira.

Koma abale, akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pali sukulu zina zomwe ndi geni basi, ngati okala ya pa kona. Zimbudzi ziwiri ana mazana, bwalo losewerera palibe, mphunzitsi ndi mnyamata yemwe wangolemba kumene Fomu 4, ndipo akapeza ntchito ina amachoka teremu ili pakati. Mwana atha kuloweza ndakatulo ya Chingerezi pa tsiku lotsekera, makolo n'kuwomba m'manja, koma masamu a Sitandade 4 akumukanika.

Tsono musanatulutse ndalama funsani mafunso. Kodi sukuluyi inalembetsedwa ku Unduna wa Zamaphunziro? Uzani ahedi akuonetseni chikalata, musachite manyazi, ndalama ndi yanu. Kodi ana amalembera kuti mayeso a MANEB, ndipo ndalama ya mayeso ikaperekedwa umboni wake uli kuti? Aphunzitsi angati anadutsa ku koleji? Chaka chatha analemba angati, anakhoza angati? Sukulu yomwe imangotchula ana atatu osankhidwa koma osatchula omwe analephera ikubisa kanthu.

Inunso ophunzira dziwani kuti PSLCE, JCE ndi MSCE ndi mayeso amodzimodzi, kaya muli ku pulayiveti, ku CDSS kapena ku sukulu ya masana ija timati open. Wochonga mayeso saona mtundu wa tayi. Amaona zomwe mwalemba.

Chomaliza n'chakuti sukulu ya boma tisaitaye ngati chitsime chakale. Ana ambiri a m'dera lathu ali komweko, ndipo geni ikagwa, katundu akalandidwa ndi a khonsolo, mwana wanu adzabwerera komweko teremu yamawa. Lamulo la zamaphunziro la 2013 limati mwana aliyense ayenera kupita ku pulayimale, choncho kupereka makalasi, mabuku ndi aphunzitsi okwanira ndi udindo wa boma, osati chifundo. Pitani ku misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi. Funsani komiti momwe ndalama za chitukuko zayendera. Phungu ndi khansala akabwera kudzapempha voti, atengereni ku sukulu akawerenge okha ana omwe akhala pansi pa simenti.