Kuopa nyeleti kukuwonongetsa nkhope zambiri mu Lusaka

Pa Instagram nkhope zonse n'zosalala. Koma filter ikachoka, ambiri ali pankhondo ndi ziphuphu, mabala akuda na ma keloid, zipsera zija zotukuka zomwe zimabwera ukaboola khutu olo ukametedwa ndevu. Makiliniki a khungu alipo ku Kabulonga na Woodlands, madokota aliponso ku UTH. Nanga bwanji anthu sapitako? Mantha.

Oyamba ndi a nyeleti. Dokota akangotchula biopsy, mtima phaa, munthu waganiza kale za khansa. Zoona zake n'zakuti biopsy ni kuchotsa kakhungu kang'ono, nthawi zambiri ka mamilimita 3 olo 4, kuti akakapime. Amayamba akulasa mankhwala a dzanzi. Amaluma masekondi ochepa chabe, pambuyo pake umangomva kuti akukugwira. Kawirikawiri theka la ola silikwana. Keloid nayo amailasa mankhwala mwezi na mwezi kuti iphwe. Iyi imawawako ndithu, tisanamizane, koma kungoidula popanda chithandizo china kumaibweretsanso, nthawi zina yokulirapo.

Achiwiri ndi manyazi. Mtsikana wakhala akudzola mafuta oyeretsa khungu ogula pamsika, manje nkhope yapsa, yayamba kuda. Akuopa kuti dokota amukalipira, ndiye akuti sanadzolepo kalikonse. Apa mpomwe pali ngozi. Mafuta ambiri otere ali na steroid, hydroquinone olo mercury, ndipo dokota akapanda kudziwa, atha kukuchita peel pakhungu lomwe lapyapyala kale. Nyamula botolo lenilenilo upite nalo.

Achitatu ni thumba. Dzina lakuti Kabulonga palokha limaopsa munthu wa ku Kabwata olo Chelstone. Tuma foni ufunse mtengo usanakwere basi, ufunsenso ngati amalandira NHIMA. Zikavuta, yambira pakiliniki ya boma ya kwanu, akulembere kalata ya ku chipatala chachikulu.

Choipa n'chakuti wothawa dokota amakathera mu saluni, m'manja mwa munthu amene anaphunzirira pa TikTok. Kumeneko ndiye koyenera kuopa. Aliyense wofuna kukulasa olo kukucheka, mufunse pepala la HPCZ, bungwe lomwe limalembetsa madokota muno mu Zambia.

Ndipo chilonda chosapola, olo kadontho kakuda kamene kakukula na kusintha maonekedwe, si zodikira malipiro a kumapeto kwa mwezi, makamaka kwa abale athu achialubino. Pita sabata ino, tenga mnzako akuperekeze.