Ndudu zamagetsi ku Britain: katundu wa dzulo, lero ndi mlandu

Pa 31 May 2025, mwini golosale wa ku Birmingham kapena ku Leeds ankagulitsa ndudu zamagetsi zotaya zikatha popanda womufunsa. Kutacha pa 1 June, kandudu komweko, pa shelefu yomweyo, kadasanduka umboni wa mlandu. Lamulo loletsa kugulitsa ndudu za mtunduwu lidayamba kugwira ntchito tsikulo ku England, Scotland, Wales ndi Northern Ireland, ndipo silikusiyanitsa kaya mundudumo muli chikonga kapena mulibe.

Ndudu yamagetsi, yomwe ambiri amangoitchula kuti vape, ilibe tsamba la fodya. Mkati mwake muli batire ya lithium, kawaya kotenthetsa ndi timadzi tokhala ndi chikonga ndi zokometsera monga mango kapena chivwende. Munthu akakoka, kawayako kamatenthetsa timadzito n'kutuluka nthunzi. Zotaya zikathazo ndi zija zosatheka kutchaja kapena kuthiramo madzi ena: zikauma, ulendo wa kudzala. Ndizo zinkayenda malonda kwambiri m'magolosale ang'onoang'ono, makamaka za Elf Bar ndi Lost Mary, zopangidwa ku China.

Boma lidapereka zifukwa ziwiri. Choyamba ndi ana asukulu, omwe amakopeka ndi mitundu yowala, kafungo ka switi ndi mtengo wotsika, chonsecho lamulo lidaletsa kale kugulitsa kwa wosakwana zaka 18. Chachiwiri ndi zinyalala. Bungwe la Material Focus lidapeza kuti mu 2023 anthu a ku Britain ankataya ndudu zotere pafupifupi 5 miliyoni pa sabata. Iliyonse ili ndi batire, ndipo batire ya lithium ikaphwanyidwa m'galimoto yotola zinyalala imatha kubutsa moto.

Ogulitsa sadadzidzimutsidwe. Boma la Rishi Sunak lidalengeza ganizoli mu January 2024, ndipo la Keir Starmer lidatsimikiza tsiku lake mu October chaka chomwecho. Choncho panali miyezi pafupifupi isanu ndi iwiri yoti munthu amalize katundu wake. Wochenjera adasiya kuoda msanga n'kutsitsa mtengo kuti mpamba ubwerere. Yemwe adatengeka ndi mitengo yogwetsa ya mahosela n'kudzaza makatoni m'miyezi yomaliza adatsala ndi katundu woti sangamugulitse, sangamugawe ulere kwa makasitomala, komanso sangamuponye m'bini wamba, poti mabatire ali ndi malo ake otayira. Ku England wopezeka akugulitsa koyamba amalipa chindapusa cha £200, ndipo a Trading Standards, omwe amayendera masitolo, ali ndi mphamvu yolanda katunduyo. Wobwereza atha kulipitsidwa chindapusa chopanda malire kapena kukhala kundende mpaka zaka ziwiri.

Chololedwa tsopano ndi ndudu yotheka kutchaja batire ndiponso kuwonjezera madzi, kaya pothira kuchokera m'botolo kapena posintha kathanki kake kotchedwa pod. Ngati ili ndi kawaya kotenthetsa, nakonso kayenera kukhala kosinthika, ndipo zosinthirazo zizipezeka pazokha pamsika. Apa ndi pomwe wogulitsa wosasamala amagwera m'dzenje: ndudu yokhala ndi potchajira koma yosatheka kuwonjezera madzi ndi yoletsedwabe.

Opanga sadagone tulo. Lamulo lisanayambe n'komwe, adali atatulutsa kale ndudu zofanana ndi zakale zija maonekedwe, kakomedwe ndi mtengo womwe, kungowonjezera potchajira ndi kathanki kochotseka. Kwa woyang'ana patali, shelefu ya golosale sidasinthe kwenikweni. Ndipo palibe chomuletsa kasitomala kugula ndudu yatsopanoyi, kuisuta mpaka kuuma, n'kuitaya monga ankachitira kale. Pa nkhani ya zinyalala, lamuloli lidasiya mpata waukulu.

Koma pa kachitidwe ka malonda lasinthadi zinthu. Kale phindu linali pa ndudu yeniyeniyo: kasitomala amagula, n'kutha, n'kubwera kudzagula ina. Tsopano ndalama ili pa ma pod ndi timabotolo. Wogulitsa yemwe ali ndi ndudu koma alibe zosinthira zake ali ngati wogulitsa mbaula wopanda makala. Kasitomala amapita kwa mnzake ndipo amakagulira komweko zina zonse, mkaka ndi buledi yemwe. Vuto ndi loti ma pod a kampani ina salowa m'ndudu ya kampani ina, choncho mpamba umamwazikana pa mitundu yambirimbiri. Wa golosale yaing'ono amapindula akasankha mitundu iwiri kapena itatu yoyenda msanga n'kuonetsetsa kuti zosinthira zake sizikusowa. Pamwamba pa izo, wogulitsa ndudu zamagetsi ku Britain amayenera kulandira zakutha zomwe makasitomala abweza kuti zikakonzedwenso, ndiye kuti pafunika malo a bini yake.

Chomwe chidzagwedeze mitengo kwambiri ndi msonkho. Mu bajeti ya October 2024, nduna ya zachuma Rachel Reeves idalengeza kuti kuyambira pa 1 October 2026 madzi a ndudu zamagetsi azidulidwa msonkho wa £2.20 pa mamililita 10 aliwonse, kaya muli chikonga kapena ayi. Kuphatikiza VAT ya 20 peresenti, ndi £2.64 pa kabotolo kamodzi. Kabotolo koti kamagulidwa pa £3 kangathe kufika pafupifupi kuwirikiza. Pod ya mamililita 2 ikwera ndi 44 pence yokha VAT isanalowe, pomwe botolo lalikulu la mamililita 100 lilandira msonkho wa £22. Zikutanthauza kuti womva kuwawa kwambiri ndi wosuta wodziletsa uja, yemwe amagula madzi ambiri n'kumathira yekha pofuna kupulumutsa ndalama, pamodzi ndi masitolo omwe amadalira makasitomala oterowo.

Ambiri mwa akuluakulu osuta ndudu zamagetsi ku Britain adayamba pofuna kusiya fodya wamba. A zaumoyo a NHS amanena kuti nduduzi si zopanda vuto, koma kuopsa kwake n'kochepa poyerekeza ndi fodya woyatsa, ndipo mu 2023 boma lidalonjeza kugawa ndudu zotere kwa osuta fodya 1 miliyoni ku England kuti asiye. Ndiye boma lomwelo likuyenda pa chingwe: likakweza mtengo mopyola, ena abwerera ku fodya. N'chifukwa chake lidati tsiku lomwelo likwezanso msonkho wa fodya wamba ndi £2.20 pa ndudu 100 zilizonse, kuti kusiyana kwa mitengo kukhalepobe.

Ena sabwerera ku fodya koma apita kumsika wa kuseri. Malamulo a ku Britain salola thanki yopyola mamililita 2, botolo la chikonga lopyola mamililita 10, kapena chikonga chopyola mamiligalamu 20 pa mililita, ndipo katundu aliyense amayenera kulembetsedwa ku bungwe la MHRA. Ndudu zosatsata izi zinalipo kale pansi pa makauntala, ndipo mtengo wa zololedwa ukakwera, wogulitsa wachilungamo ndi amene amaluza makasitomala kwa wozembetsa. Bilu ya Tobacco and Vapes, yomwe idapita ku nyumba ya malamulo mu November 2024, idalembedwa kuti ibweretse ziphaso za ogulitsa, iletse kutsatsa malonda, komanso ipatse nduna mphamvu pa zokometsera, mapaketi ndi kayalidwe ka katundu m'sitolo.

Britain siili yokha. Belgium idaletsa zotaya zikatha pa 1 January 2025, France idatsatira mu February, India idaletseratu ndudu zamagetsi zonse mu 2019, ndipo ku Australia kuyambira mu July 2024 zimagulitsidwa m'mafamase mokha. Ku South Africa, komwe amalonda ambiri a ku Malawi amakapikula katundu, madzi a nduduzi adayamba kudulidwa msonkho wa R2.90 pa mililita pa 1 June 2023. Malawi naye adalowa m'pangano la WHO lochepetsa kusuta fodya mu 2023.

Msika umodzi ukatsekedwa, makatoni otsala amafunafuna kolowera. Wamalonda yemwe wapatsidwa ndudu zotaya zikatha pa mtengo wa bwerera ku Johannesburg kapena pa WhatsApp ayenera kuyamba waona tsiku lomwe zidapangidwa, chifukwa batire imafooka ndipo madzi amachucha katundu akakhalitsa, makamaka potentha, ndipo ndudu yakufa ilibe kobweza. Afunsenso kwa a Malawi Revenue Authority za msonkho wake asanalipire, osati atafika kale pa Mwanza kapena pa Dedza. Woyenda pa ndege adziwe kuti ndudu zamagetsi siziloledwa m'chikwama chopita pansi pa ndege chifukwa cha mabatire aja.