Windows 11 yalowa, laputopu yayamba kukwawa

Kucokera pa 14 October 2025, tsiku limene Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 monga kale, anthu ambiri mu Lusaka athamangira Windows 11. Ena akondwa. Ena manje akulira: laputopu imene inali kuyenda bwino-bwino ikucedwa monga basi yoyembekeza kudzala pa Kulima Tower masana. Kwa wophunzira wa pa UNZA amene ali ndi asainimenti ya mawa, kapena amai otaipa ma CV m'kashopu ku Kamwala, kucedwa uku ni ndalama.

Osathamangira kwa okonza tsiku lomwelo. Windows yatsopano ikangolowa imakhala ikali pa nchito mkati: ikutenga ma update, ikuika ma driver, ikuwerenga mafailo anu kuti muziwapeza msanga. Ipatseni tsiku limodzi kapena awiri ili yoyaka, pa malaiti. Koma ngati intaneti yanu ni hotspot ya foni, cenjerani, ma update amadya bundle mopanda cifundo. Pezani Wi-Fi ya ku nchito kapena ku sukulu.

Ikapitiriza kukwawa, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi. Padzatseguka Task Manager, ndipo apa ndiye pamaonekera wakuba. Pa Startup apps mupeza mapulogalamu amene amadziyatsa okha kompyuta ikayaka. Zimitsani amene simuwafuna m'mawa uliwonse. Ma antivirus awiri m'makina amodzi naonso amalimbana cabe. Windows ili kale ndi yake.

Manje yang'anani pa Disk ndi pa Memory. Ngati Disk yakhazikika pa 100% ngakhale simukucita ciliconse, nthawi zambiri vuto ni hard drive yakale ija yozungulira mkati. Mankhwala ake ni SSD, ndipo kusiyana kwake mudzakuona pongoyatsa. Memory ikadzala, RAM yacepa. Microsoft imati Windows 11 ifuna RAM ya 4GB, malo a 64GB, TPM 2.0, ndipo pa Intel purosesa ya generation 8 kupita m'mwamba. Koma 4GB ija ni yongolowera pakhomo. Mukatsegula Chrome ndi Word pamodzi, makina ayamba kupuma movutika. Kuti mugwire nchito mwamtendere, 8GB.

Apa mpofunika kunena zoona. Malaputopu ambiri a salaula amene timagula m'tauni ni akale kuposa pamenepo, ndipo alipo okonza amene amakakamiza Windows 11 kulowa ngakhale makina akana. Imalowa, inde. Koma Microsoft siilonjeza ma update pa makina otero. Funsani musanalipire: "Ba boss, iyi yavomera yokha kapena mwaikakamiza?"

Njira yobwerera iliko, koma ili ndi masiku 10 cabe. Pitani pa Settings, System, Recovery, ndipo dinani Go back. Imadalira foda yochedwa Windows.old, conco musaifafanize pofuna kupeza malo. Masiku aja akatha, Windows imaicotsa yokha. Ngati okonza anacita format, foda imeneyi kulibe, ndipo kubwerera ndiko kuikanso Windows 10 kuyambira pa ciyambi.

Musanacite ciliconse mwa izi, kopelani mafailo anu pa flash. Ndipo mukasinthitsa kuika SSD, hard drive yakale muitenge m'cikwama popita kunyumba. Mafoto a ana, ma payslip ndi kope ya NRC yanu zikali momwemo.